Madzi a Loweruka pa Mphanda

Pa Mphanda si malo oti munthu angakwerere kabaza kukawaona. Ndi pamene ngalande yochokera kudamu la esiteti imagawikana pawiri, kumunsi kwa munda womaliza wa tiyi, pothera mitengo ya bulugamu. Pali khoma la simenti lolekeza m'chiuno, lokhala ndi mipata iwiri, ndi thabwa limodzi lochindikala la mbawa lomwe limalowa m'mizere ya khomalo. Thabwalo likatseka mpata wa kumanja, madzi amapita kunazale, kumene esiteti imalerera mbande za tiyi. Likatseka wa kumanzere, madzi amatsetsereka kupita kuchigwa, kumudzi wa Namikhate. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, woyang'anira thabwa limeneli anali a Everson Namaheya.

Ngalandeyo inakumbidwa nthawi ya azungu. Anaikumba ndi Alomwe amene anawoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza thangata likuwadikira tsidya lino. Agogo awo a Everson anali m'gulu la okumbawo, koma musaganize kuti mdzukuluyo ankadziguguda nazo pachifuwa. Mukawafunsa, ankangoti madalawo anakumba mokhota malo awiri, ndipo m'mokhotamo ndi mmene matope amaunjikana mpaka lero, iwo n'kumathyoka nawo msana. Nthambi yopita kuchigwa sanaikumbire anthu ayi. Inali yongotayira madzi, damu likadzaza kapena nazale ikakhuta. Chigwacho nthawi imeneyo chinali cha bango, achule ndi njoka.

A Everson anabadwira kwa Chimaliro, m'banja la a Seveni Dei, ndipo sukulu anailekezera sitandade 7 pa mishoni. Anakwatira a Tabita a ku Namikhate n'kukakhala komweko chikamwini, monga amachitira anthu akuno. Pa esiteti anayamba ndi kutchola tiyi, koma dzanja lawo linali lolemera. Anzawo akudzaza madengu ndi nsonga zanthete, iwo ankabwera kusikelo ndi dengu la timitengo. Kapitawo wa nthawiyo, a Fraser, atatopa n'kukalipa, anawatumiza kungalande, kumene dzanja lolemera lili ndi ntchito. Munali mu 1990. Tiyi amene anamugwirira ntchito moyo wawo wonseyo sanamulawepo n'kamodzi komwe, poti kumpingo kwawo samwa. M'mawa ankamwa madzi otentha ofinyiramo ndimu, n'kumati ndi okoma, ngakhale nkhope yawo inkanena zina.

Tsiku lomwe anapatsidwa ntchitoyo anauza a Fraser kuti kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, iwo sagwira fosholo, khasu kapena thabwa. A Fraser anakanda m'mutu. Madzi opita kunazale sasiyidwa opanda munthu, chifukwa mathanki akadzaza amasefukira m'mabedi ndipo mbande zimaola mizu. Kulemba munthu wachiwiri wa tsiku limodzi lokha, azungu a kuofesi sakanamva. A Fraser anali munthu wosakonda nkhani zazitali, choncho anaigamula ataimirira, ndudu ili pakamwa. Lachisanu masana Everson azidzaza mathanki, dzuwa lisanalowe azitembenuzira madzi onse kuchigwa, azipita kokapemphera kwakeko, ndipo Loweruka dzuwa likangolowa azibwera kudzabwezera thabwa. Sanalembe paliponse. A Fraser anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mamanijala anabwera n'kupita, ndipo aliyense ankapeza zili choncho n'kuganiza kuti pali chifukwa chake chachikulu.

Woyamba kuzindikira kumudzi anali a Teleza, amene panthawiyo anali ndi mwana mmodzi kumsana ndi mwamuna wokonda kachasu. Anaona kuti ngalande youma ya kuseri kwa nyumba yawo imadzaza Loweruka lililonse, mu Ogasiti, mu Okutobala, ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Anadikira milungu itatu kuti atsimikize, kenako anasweta bango, n'kubzala mpiru. Anthu anawaseka mwezi umodzi. Mwezi wachiwiri osekawo anali atanyamula zikwanje. Pomafika chaka cha 2000, chigwa chonse chinali madimba okhaokha, a tomato, kabichi, anyezi ndi chimanga cha mondokwa, ndipo anyamata a kabaza anali atadziwa kuti Lolemba m'mawa ku Namikhate kumakhala madengu opita ku Khonjeni ndi ku Luchenza. Nyumba zambiri zamalata za m'mudzimo zinachokera m'ngalande imeneyi. Madziwo anthu anawatcha madzi a Loweruka, ndipo ukwati kapena chiliza chikaikidwa Loweruka m'chilimwe, amayi ankafika masana, miyendo ili matope.

Chomvetsa chisoni, kapena choseketsa, malinga ndi amene akukamba, chinali cha a Tabita. Dimba lawo linali lachinayi kuchokera kumtunda, malo abwino zedi, koma madzi ankadutsa pa tsiku limodzi lokhalo limene iwo sakanagwira kheni. Loweruka m'mawa ankadutsa m'mbali mwa ngalande atavala zoyera, amuna awo ali patsogolo ndi jekete, madzi akungolira m'mbali mwa tomato wawo, anzawo a mipingo ina akuthirira n'kumaimba. Chaka chachitatu anakumba dzenje lalikulu m'mphepete mwa dimbalo, n'kulitsegulira kanjira Lachisanu masana, kuti lizidzaza lokha iwo ali kutchalitchi, azithirira Lamulungu. Nkhaniyo inafika kwa akulu a mpingo, ndipo anaikambirana masana a Sabata awiri athunthu. Pomaliza anagwirizana kuti madzi si wantchito wa munthu, akafuna kulowa m'dzenje alowe. Mabanja ena asanu a mpingowo anakumba maenje awo mlungu womwewo.

A Everson sankafuna kuthokozedwa, ndipo apa sikunali kudzichepetsa ayi, zinkawanyansa ndithu. Mayi akabwera ndi mbale ya tomato pakhomo, ankamubweza nayo. Ankati iwo sapatsa munthu madzi, amangotaya madzi a kampani monga anawauzira a Fraser, ndipo zimene anthu amachita nawo kumunsiko si zawo. Anali munthu wa mizere yowongoka. Sananamepo za maola m'buku la ntchito, sanatengepo ngakhale msomali wa esiteti, ndipo kumpingo anakhala dikoni zaka makumi awiri popanda wina kumukayikira. Anthu ankawalemekeza, koma kunena zoona sanali munthu woti n'kucheza naye nthawi yaitali. Mukawapatsa moni wa Chilomwe ankayankha bwinobwino, kenako n'kukuuzani kuti mbuzi yanu inagumula m'mbali mwa ngalande Lachiwiri.

Chaka cha 2024 mvula inadula msanga. Pofika Ogasiti, damu linali litatsika mpaka zitsa za mitengo yakale zinayamba kuonekera. Mwezi womwewo a Everson analandira kalata yoti zaka zawo zakwana, apume kumapeto kwa mwezi. Kunazale kunali kutabwera manijala watsopano, a Tisungane, mayi wachitsikana wophunzira za ulimi ku koleji, woyenda ndi jombo ndi kope. Sanali munthu woipa. Anali atakulitsa nazale ndi mbande za mtundu watsopano wopirira chilala, zofuna madzi tsiku ndi tsiku, ndipo poona m'buku la ngalande anadabwa kuti tsamba la Loweruka lililonse, kubwerera m'mbuyo mpaka kumene mabuku anathera, linali lopanda kanthu. Wodzalowa m'malo mwa a Everson anali atapezeka kale, Bizwick wa kwa Nsabwe, bambo wa ana atatu, Mkatolika, amene Loweruka kwa iye linali tsiku ngati lina lililonse. A Tisungane anatumiza mawu kuti Lachinayi lomaliza akumane onse atatu pa Mphanda, a Everson afotokoze kayendetsedwe ka madzi.

Mawuwo anafika kumudzi a Everson asanafike. Lachitatu masana anapeza amayi asanu ndi mmodzi atakhala pamphasa pakhonde pawo, a Teleza ali pakati, tsopano ali ndi imvi ndi zidzukulu khumi. Moni unatenga nthawi, monga uyenera. Kenako a Teleza anayala nkhani, ndipo zinaoneka kuti anali ataiganizira bwino. Anati bwana watsopanoyo ngalande saidziwa, ndipo chilichonse chimene a Namaheya anganene adzachikhulupirira. Angonena kuti madzi amayenera kutembenuzidwa tsiku lathunthu pamlungu kuti atsuke matope, apo ayi ngalande idzatsekeka. Kapena anene kuti khoma lija, chiphwanyikire ndi namondwe wa chaka chatha, limafuna kupumira. Tomato wa m'chigwa chonse anali atangoyamba maluwa, ndipo popanda madzi a Loweruka sakanafika Okutobala.

A Everson anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo. Anayankha kuti matope amatsukika pa ola limodzi, ndipo khoma analikonza okha, lilibe vuto.

“Ife tikudziwa zimenezo, a Namaheya,” anatero a Teleza. “Tikunena zoti mukawauze bwanawo.”

“Ndiye mukundituma bodza.”

“Tikukutumani madzi.”

A Everson anati sangathe. Chibadwire sananamizepo bwana, ndipo sangayambe mawa, atatsala ndi tsiku limodzi. Apo a Teleza ananena mawu amene m'mudzi wa chikamwini amasungidwa mpaka tsiku loipa. Anati n'zoona, munthu wobwera samva kuwawa kwa nthaka ya eni ake. Ananyamuka onse, anatsanzika mwaulemu, n'kumapita. A Tabita nthawi yonseyi ankasola nandolo pakhomo la khitchini, ndipo amuna awo sanawafunse maganizo.

Lachinayi m'mawa a Everson anaonetsa Bizwick zonse: mmene thabwa amalinyamulira kuti lisatsine zala, pomwe nkhanu zimaboola, makhona awiri a matope aja, chizindikiro cha penti pathanki chosonyeza kuti yadzaza. A Tisungane ankalemba. Atamaliza, anatseka kope n'kufunsa funso limene aliyense ankalidikira, ngati pali chifukwa cha ntchito chimene madzi amapitira kuchigwa Loweruka.

“Palibe, bwana,” anatero a Everson. “Chifukwa chake ndine. Ndimapemphera Loweruka.”

A Tisungane anaseka pang'ono, poganiza kuti pali zina zikubwera. Ataona kuti palibe, anafunsa ngati akutanthauza kuti zaka makumi atatu ndi zinayi esiteti yakhala ikutaya madzi a tsiku lathunthu chifukwa cha tchalitchi cha munthu mmodzi. A Everson anati inde. Kenako, mosayembekezera ngakhale iwo eni, anawonjezera kuti kumunsiko kuli madimba makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, ndipo anayamba kuwatchula mayina kuchokera kumtunda, la a Teleza, la a Betty, la amake Chikhulupiriro, mpaka bwanayo anawaimitsa ndi dzanja. A Tisungane anati amva, ndipo alembera akuluakulu a kuofesi kuti aone chochita, mwina mvula ikagwa. Koma panopa damu latsika, mbande zatsopano zikufuna madzi masiku onse, ndipo iwo anawalemba ntchito yolera tiyi. Kuyambira mlungu umenewo thabwa lizikhala kumanja. Analankhula mofatsa, ndipo a Everson sanapeze cholakwika m'mawu awo.

Lachisanu kuofesi anawapatsa wailesi ndi bulangete, anawaombera m'manja, anthu anamwa tiyi, iwo anamwa madzi. Masana anapereka fosholo ndi jombo kusitolo. Dzuwa likupendeka, miyendo yawo inafuna kulowera ku Mphanda, koma anakumbuka, n'kukhota kupita kunyumba.

Loweruka loyamba anauza akazi awo kuti apite kutchalitchi kudzera njira ya kumtunda, ya m'minda ya tiyi. Njirayo ndi yaitali kawiri, ndipo ili ndi chitunda. Loweruka lachiwiri ananenanso chimodzimodzi. A Tabita anangofunsa kuti kodi njira ya kumtunda yafupika liti, n'kumanga mpango wawo. Mkati mwa mlungu a Everson ankakhala pakhonde ndi wailesi yawo yatsopano, koma chigwa chinali pamaso pawo, ndipo munthu sangatseke maso tsiku lonse. Amayi ankatunga kumjigo wa kusukulu, mtunda wa theka la ola, ndowa imodzi ya mapando khumi, ndipo kumjigoko kunayamba mikangano ndi anthu a mudzi wina. Masamba a tomato anayamba kupindika, maluwa akuyoyoka. Dzenje la a Tabita linauma n'kung'ambika pansi. Iwo sanadandaule, anangotenga ndowa n'kukaima pamzere ndi anzawo, pamsinkhu wawo umenewo.

Palibe anawatukwana a Everson. Akanawatukwana bwenzi zili bwino, chifukwa akanayankha. Amayi ankawapatsa moni monga kale, akugwada pang'ono, ndowa zili pamutu, thukuta likutsika m'khosi, n'kudutsa. Zinawapweteka kwambiri. Ankabwereza nkhani yonse m'mutu ndipo nthawi zonse inkatuluka yowongoka: sananame, sanabe, sanaswe Sabata. Koma kuwongokako sikunawapatse mtendere. Zaka zonsezi ankanena kuti madziwo si nkhani yawo, komabe mayina a madimba aja ankatuluka m'kamwa mwawo mwa ndondomeko yake, osaphonya ndi limodzi lomwe, mpaka bwana atawaimitsa. Anazindikira kuti Lachisanu lililonse ponyamula thabwa ankadziwa bwino lomwe kumene madziwo akupita, ndipo ankakondwa, kungoti sanafune kuti wina adziwe. Anachita manyazi, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu.

Lachitatu la mlungu wachitatu anavala jekete n'kupita kuofesi ya nazale kukafunsa za kalata yopita kwa akuluakulu ija. A Tisungane anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti kalata inapita, yankho silinabwere, ndipo akuluakulu adzakumana mwezi wamawa. A Everson anati tomato sadziwa za mwezi wamawa. Anafotokozanso kuti mathanki akadzaza Lachisanu amakwanira tsiku limodzi ngati othirira sakuwononga. Bwanayo anati mwina zinali choncho nazale isanakule, koma iwo sangaike mbande za kampani pachiswe popanda chilolezo. Anawaperekeza mpaka pakhomo.

Loweruka lachitatu anavala suti yawo yakuda, nsapato zopolisha dzulo lake, n'kutenga buku la nyimbo. Tsikulo anali pa ndandanda yotsogolera phunziro la m'mawa. Atatuluka panja anati adzere njira ya kumunsi. A Tabita anawayang'ana n'kutsatira.

Anayenda m'mbali mwa ngalande youma, momwe munali masamba a bulugamu ndi mapepala a shuga. M'dimba loyamba anapeza a Teleza akuthirira ndi kapu. Ankatunga m'ndowa kapu imodzi, kuthira paphando, kudumpha mapando awiri, kuthira pa lachitatu. Anali atasankha kale oti afe ndi oti akhale. Anaweramuka, anapereka moni kwa banjalo, anawafunira mapemphero abwino, n'kuweramanso.

Patsogolo pang'ono njira imagawikana, ina kupita kutchalitchi, ina kukwera ku Mphanda. A Everson anaima pamenepo. Anapereka buku la nyimbo kwa akazi awo n'kuwauza kuti atsogole, akauze a Nathaniel, mkulu wa mpingo, kuti apeze wina wa phunziro. A Tabita analandira bukulo ndi manja awiri. Anafunsa ngati akudziwa kuti lero ndi tsiku lanji, ndipo iwo anati akudziwa.

Bizwick anali atakhala pakhoma akudya chinangwa. Ataona madalawo akubwera ndi suti anaimirira, kuganiza kuti kwagwa maliro. A Everson anamupatsa moni, anavula nsapato ndi masokosi n'kuziika pamwala, anapinda buluku mpaka m'maondo, n'kulowa m'madzi. Thabwa la mbawa likanyowa limalemera ngati thumba la chimanga. Analigwira m'makutu mwake, analigwedeza kawiri monga ankachitira nthawi zonse, analizula, n'kulitsitsira mumpata wa kumanzere. Madzi anaima kaye pang'ono, kenako anakhamukira kuchigwa, akukankha masamba ouma patsogolo. A Everson anaima m'madzimo akuwayang'ana. Chibadwire anali asanagwirepo ntchito pa Sabata.

Bizwick anasowa chochita. Kulimbana ndi munthu wamkulu ngati bambo ake, atavala suti, sakanatha. Anachonderera, anati ntchitoyi wangoiyamba kumene, ana ake adya chiyani akamuchotsa. A Everson anamufunsa ngati mathanki anadzaza dzulo mpaka pa penti. Anati anadzaza. Anamuuza kuti ndiye apite akauze othirira kuti lero asatayire madzi m'tinjira, mbande sizifa.

“Madala, mukangochoka ine ndibwezera thabwali.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindichoka.”

A Everson anakhala pakhoma, miyendo ili m'madzi, pamwamba penipeni pa thabwalo. Bizwick anayesa foni ya a Tisungane, koma anali atapita ku Blantyre ndipo sinkagwira. Anapita kunazale, anabwerako, anakhala pamwala chapatali, akung'ung'udza. Patapita nthawi kuchigwa kunamveka mfuu ya mwana, kenako phokoso la ndowa ndi makheni, anthu akuitanizana mayina kuchokera dimba lina kupita lina. Cha kuma naini belu la kutchalitchi linalira, ndipo patsogolo pake mphepo inkabweretsa nyimbo mwa apo ndi apo. A Everson ankaidziwa nyimbo iliyonse, ndi amene akuitsogolera, ndi benchi imene inali yopanda munthu. Sanaimbe nawo. Dzuwa linakwera, suti yakuda inatentha, koma jekete sanavule.

Palibe wa kumudzi amene anakwera kudzaona. Onse anali ndi ntchito, ndipo mwina ankaopa kuti akafunsa, madziwo asiya.

Cha kuma thuu a Tabita anatulukira ndi kambale komanga pansalu, mbatata ndi nyemba zophika dzulo, poti Loweruka kwawo moto sayatsa. Anapatsako Bizwick, n'kukhala pambali pa amuna awo. Anati phunziro anatsogolera a Nathaniel okha, ndipo atatha mapemphero akulu onse anawazungulira kufunsa ngati a dikoni adwala.

“Ndiye munawauza chiyani?”

“Ndinawauza kuti muli pa Mphanda.”

“Kuti ndikutani?”

“Kuti mukugwira ntchito, bambo a Mwai. Mumafuna ndiname?”

A Everson anayang'ana mbatata ili m'manja mwawo. Anadziwa tanthauzo lake: adzaitanidwa, adzakhala pa mpando wa kutsogolo umene iwo eni anakhazikapo anthu ena, ndipo udikoni wa zaka makumi awiri mwina uthera pomwepo. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise. Akazi awo anayang'ana kumbali kuti awapatse mpata. Patapita kanthawi anawauza kuti madzi afika mpaka dimba lomaliza, la kumalire ndi manda, ndipo a Teleza akuthirira mapando onse, ndi aja anawadumpha omwe.

Anakhala pomwepo mpaka dzuwa linatsikira kuseri kwa bulugamu. Litangolowa, a Everson anaimirira, mawondo akulira, anazula thabwa n'kulibwezera kumanja. Madzi anabwerera kunazale. Bizwick anatulutsa buku la ngalande m'jumbo, anatsegula tsamba la Loweruka, n'kuima ndi cholembera m'manja. Anati akhoza kungolemba kuti thabwa linatsekeka ndi zinyalala, kapena kusalemba kanthu, poti tsambalo linazolowera kukhala lopanda kanthu.

“Lemba zimene waona,” anatero a Everson. “Nthawi imene ndafika, nthawi imene ndachoka, ndi dzina langa lonse. Ulembenso kuti unandiletsa.”

Bizwick analemba pang'onopang'ono, akutchula mawu aliwonse. Atamaliza anafunsa kuti nanga bwana akamufunsa za Loweruka likubwerali, ayankhe chiyani.

A Everson anatola nsapato zawo pamwala. Anayang'ana kuchigwa, kumene amayi omaliza ankatuluka m'madimba ndi makheni opanda kanthu.

“Tomato uja watsala ndi milungu inayi kuti apse,” anatero. “Uwauze kuti akafuna kutumiza alonda, andipeza pompano, kuyambira seveni koloko.”